Usiku Wachinayi

Asajeni anali pakhonde la kuseri, atagwada pa chiguduli, akutsuka sutikesi yakale ndi burashi ndi madzi a sopo. Inali itachita nkhungu m'makona onse, pakuti chipumireni pantchito ya upolisi anali asanayendeko ulendo wogona. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti akwere sitima yaikulu ya panyanja, ya zipinda zogona ndi malo odyera, imene gulu lawo la anthu opuma pantchito linakhala likusonkhera kwa zaka zitatu.

Geti linalira. Mpongozi wawo anatulukira pakona ya nyumba ali wefuwefu, phazi lina lili ndi silipasi, lina lopanda kanthu.

"Amayi! Awamenya, amayi!"

"Pumani kaye. Amenya ndani?"

"Bambo a mwana. Ku ofesi komweko. Anthu akuti ndi akuba. Ali kuchipatala, sakuyankhula."

Mwamuna wa mpongoziyo anali mwana wa malemu mng'ono wawo wa Asajeni. Asajeni ndi amuna awo, amene Mulungu sanawapatse mwana wawowawo, anamutenga ali ndi zaka zinayi n'kumulera mpaka anakwatira. Tsopano anali kalaliki pa ofesi ya kampani ya sitima yomweyo, wolandira ndalama ndi kudinda malisiti. Mwezi wathawo kampani inalengeza kuti mafuta akwera mtengo, choncho aliyense awonjezere ndalama pa usiku uliwonse wogona m'sitima, ngakhale amene anali atamaliza kale kulipira tikiti. Chiyambire tsiku limenelo, kalalikiyo ankabwera kunyumba mawu atasasa, chifukwa anthu ankamutukwana ngati ndiye amakweza mafuta a dziko lonse.

Asajeni anapukuta manja pa nsalu, navula masilipasi awo n'kuwaika patsogolo pa mpongozi wawo. Anaimbira foni amuna awo, amene anachoka m'mawa kuti akupita kukatenga mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Foni inalira mpaka kuduka yokha.

* * *

M'wodi munkanunkha mankhwala okolopera. Kalaliki anagona pa bedi la kumapeto, mutu uli wokulunga bandeji, maso otupa ngati walumidwa ndi njuchi. Dzanja lake lamanzere linali lomangidwa unyolo ku chitsulo cha bedi. Wina anali atapinda kansalu n'kukalowetsa pakati pa unyolo ndi khungu kuti lisanyuke.

Wapolisi amene ankalondera anaimirira msangamsanga n'kuwapatsa mpando. Anali kopolo amene Asajeni anamuphunzitsa okha kulemba sitetimenti atangoyamba ntchito.

"Munthu wosadzuka ukumumanga kuti athawira kuti?" anafunsa Asajeni.

"Lamulo lachokera kumwamba, Asajeni. Inenso sizikundikoma."

Kopoloyo anatulutsa mapepala awiri mu envelopu.

"Makalata ndi awa. Onse ali ndi chidindo cha ofesi, onse ali ndi siginecha yake. Iyi ikuti ndalama ya mafuta ilipiridwe ya mausiku atatu. Iyi ikuti anayi. Ulendo ndi wa masiku anayi, inde, koma kugona n'katatu kokha. Abwana a kampani akuti kalata yawo ndi ya atatuyi. Usiku wachinayiwo ndi umene akuti ankaponya m'thumba."

Kalata ya mausiku anayi Asajeni ankaidziwa. Inali yomwe inawerengedwa pa msonkhano wa gulu lawo, ndipo aliyense anapatsidwa yake. Iwo eni anadandaula nayo mpaka kunyumba.

"Zasowa ndalama zingati?"

"Akuwerengabe. Akandiuza ndikuimbirani."

Asajeni anaitenga kalatayo n'kupita nayo pazenera. Dzuwa litawala kuseri kwa pepala, anaona kamzere kotuwa, kochepa ngati tsitsi, kozungulira liwu lakuti "anayi". Anagwira ntchito zaka makumi atatu, ndipo kamzere kotere anakaonapo pa masetifiketi abodza. Kamabwera munthu akamata kapepala pamwamba pa liwu, kenako n'kukachita fotokope.

Anabweza kalata. Anaika dzanja pa phazi la mwana wawo, napemphera mumtima pemphero lalifupi, losapempha zambiri. Phazilo linali lozizira, ndipo analifunditsa bulangeti.

"Anayamba kukuwa ndani?"

Kopolo anayang'ana pansi. "Mnzanu wa m'gulu. Mayi wa golosale."

* * *

Mayi wa golosale anawaona akadali patali, n'kuyamba kuyankhula asanaponde n'khonde lomwe.

"Asisi, musandiyang'ane choncho ngati ndine ndinagwira chitsulo. Ine dzanja langa silinakhudze munthu. Pakamwa pokha, eya, pakamwa ndavomera."

"Munakatani ku ofesi?"

"Kukafunsa! Pa wailesi anena kuti mafuta atsika. Akakwera amatilembera kalata tsiku lomwelo, akatsika makalata amawathera? Tikiti ndinalipira chaka chatha, ndiye lero andiuze kuti sitima yamva ludzu? Ikakhala ilibe mafuta atipatse nkhafi tipalase tokha, manja tili nawo."

"Kenako?"

"Pamzerepo panali bambo wina wamagalasi, wa ulendo womwewo. Nayenso kudandaula. Ndimvekere, bambo, kanayi konse, ine ndi amuna anga kasanu n'katatu. Iye amvekere, kanayi kake kati, mayi? Ife talipira katatu. Atulutsa kalata yake, ine nditulutsa yanga. Asisi, magazi anandithamangira kumutu."

"Munati chiyani?"

Mayiyo anayamba kusuntha mabotolo a mafuta ophikira amene anali kale pamalo pake.

"Ndinati wakuba ndi uyu. Munali anthu ngati makumi anayi mmenemo, aliyense ndi ukali wake wa mafuta omwewo. Anali ngati udzu wouma. Ine ndinangoti ndimuchititse manyazi basi."

"Ndalamazo munamupatsa m'manja mwana wanga?"

"Ayi, tinapereka kwa asungichuma, amuna anu, monga mwa nthawi zonse. Iwo ndi amene amakapereka zonse pamodzi. Koma amuna anu aja, ngakhale pini atatola amayenda nayo khomo ndi khomo kufunsa mwini wake. Zaka makumi anayi akugwira ndalama za kampani ya mabasi, munamvapo kanthu? Awapusitsa nawonso. Dzina lili pakalata ndi la mwana wanu."

Asajeni anatembenuka kuti azipita.

"Ine ndinanena pa msonkhano kuti tiusiye ulendowu," anapitiriza mayiyo kumbuyo kwawo. "Koma lamulo lanu lija, onse apite kapena pasapite aliyense. Ndiye aja osauka aja anazipeza kuti ndalama? Mayi wochapa uja, amene amagula sopo wodula pakati?"

Asajeni anaima. Mayi wa golosale anali atatulutsa thaulo latsopano ndi sopo wosambira, akuzikulunga m'pepala. Anazikankhira pa kauntala, maso ali kumbali.

"Mukawapatse apongozi anu. Kuchipatala kulibe zimenezi. Musanene kuti zachokera kwa ine."

* * *

Mayi wochapa ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mwana wa mlongo wawo. Anagwira ntchito yochapa nsalu za chipatala mpaka zala zinapindika. Pakhoma panapachikika diresi labuluu, lokutidwa ndi pepala la pulasitiki kuti lisagwe fumbi.

"Ndamva, amayi, ndamva," anatero motsitsa mawu. "Mwana uja amandiyika patsogolo pa mzere ndikapita. Amati agogo, miyendo. Ndakhala ndikumutchula kwa Ambuye chimvereni."

"Zikomo. Ndifunseko kanthu kamodzi, musakhumudwe. Ndalama ya mafuta munalipira ya mausiku angati?"

Mayiyo anaseka pang'ono mwamanyazi, atagwira pakamwa.

"Ine sindinalipire. Kampani inatikhululukira."

"Inakukhululukirani?"

"Eya. Ndinali nditauza kale asungichuma kuti andichotse, ndilibe pogwira. Ndinalira, osanama. Ine madzi ndawagwira moyo wanga wonse m'beseni, ndimafuna ndikawaone amene alibe malire. Patapita masiku atatu anabwera okha, anakhala pampando mwakhalapowo. Anati kampani yamva chisoni, okalamba osowa yawachotsera. Anati ndisauze ena, angachite nsanje."

"Munali angati okhululukidwa?"

"Anayi. Ine, aphunzitsi aja odwala maso ndi akazi awo, ndi bambo uja anali dalaivala wa ambulansi."

Asajeni anawerenga ndi zala pa bondo, pansi pa chikwama, kuti mayiyo asaone. M'gulu anali anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi. Anayi sanalipire, ndipo aliyense wa iwo ankafunika mausiku atatu: khumi ndi awiri. Otsalawo anali anthu khumi ndi awiri, aliyense analipira usiku umodzi wapamwamba. Anawerenganso kachiwiri, akulakalaka kuti alakwitse.

Foni inalira m'chikwama. Anali kopolo.

"Asajeni, zandizunguza mutu. Awerenga katatu. Gulu lanu linalipira anthu onse, mausiku atatu aliyense, ndendende. Sipanasowe kanthu, sipanatsale kanthu. Ndipo kalata ya anayi ija palibe wina anailandira kunja kwa gulu lanu. Ndi wakuba wanji amene amaba n'kukapereka zonse kwa mwini wake?"

"Abwana ako akuti chiyani?"

"Akuti kalata yabodza ndi yabodza basi, siginecha ndi yake. Unyolo sukuchoka mpaka apezeke wina amene anailemba."

Mayi wochapa anali atawathirira madzi akumwa m'kapu yawo yokhayo ya galasi. Asajeni anamwa onse, chifukwa kukana kukanamupweteka mayiyo.

* * *

Ofesi ya kampani inali yotseka. Galasi la chitseko linali litasweka, ndipo pamasitepe wina anali atathira mchenga pamalo pamene panali magazi. Pazenera chithunzi cha sitima yoyera chinali chikadalipo, anthu akuseka m'mbali mwa dziwe losambiramo.

Mlonda anali bambo wamtali, woyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga.

"Ine, mayi, ndili ndi chibonga chimodzi. Chimodzi. Ndinawauza abwana sabata yatha kuti anthuwa tsiku lina adzaphulika, tiwonjezere alonda. Anati ndalama zapita ku mafuta."

"Anamenya ndani?"

"Nkhope sindinaigwire. Anamukokera kunja kwa kauntala, iye akungoti taimani ndione kalatayo, taimani ndione. Wina ananyamula chitsulo chija timamangirira chingwe cha mzere. Anagwera apa, mutu pa sitepe iyi. Atangoona magazi, onse balalabalala. Amene ankakuwa kwambiri ndi amene anathamanga kwambiri."

"Panalibe amene anatsala?"

"Mmodzi. Bambo wachikulire, wa imvi, wovala bwino. Ameneyo anafika phokoso litangoyamba, anaima pakhomo apa, pambali panga. Ndinamuona akutsegula pakamwa kawiri, ngati anene kanthu. Anakwezanso dzanja, chonchi. Koma mawu sanatuluke. Anthu atathawa, anagwada, anavula jekete n'kumutsamiritsa. Anamupukuta kumaso ndi mpango, akumuyitana kuti mwana wanga, mwana wanga. Ndinangoti ndi mmene amayankhulira achikulire. Ambulansi itafika, ndinacheuka, kulibe."

"Jeketeyo ili kuti?"

"Ndasunga. Ndi yabwino, mwina abwera kudzaitenga."

Analowa m'kanyumba kake n'kutuluka ndi jumbo. Asajeni sanafunikire kuitambasula. Inali yotuwa, ya mabatani atatu, ndipo batani lapakati linali losiyana pang'ono ndi anzake. Analisokerera okha.

* * *

Anawapeza amuna awo kuseri kwa nyumba, atakhala pa njerwa pafupi ndi mpopi, akuchapa mpango m'beseni. Madzi anali atayera kale koma iwo ankangotikitabe. Anali bambo wochepa thupi, amene ngakhale popita kukagula buledi ankapesa tsitsi.

Asajeni anaika jumbo pansi pakati pawo.

"Mapiritsi mwatenga, bambo?"

"Sindinafikeko."

"Foni yanga munaiona?"

"Ndinaiona."

Kwa aneba wailesi inkaimba nyimbo ya kwaya, ndipo wina anaitsitsa.

"Ali bwanji?" anafunsa bamboyo.

"Amumanga unyolo pa bedi."

Manja anasiya kutikita.

"Ndinadula liwu pa nyuzipepala," anayamba, akuyang'ana m'beseni. "Ndinamata ndi guluu. Fotokope ndinakachitira kutali, kumene sandidziwa. Mayi, ine sindinadyepo ngakhale ya fanta. Yathunso ndinalipira kanayi, mukudziwa."

"Ndikudziwa. Ndawerenga."

"Ndikanatani? Ndikanaimirira pa msonkhano n'kunena kuti tiwasonkhere anzathu anayi? Mukukumbuka za maliro a chaka chatha, mmene anawanenera mayi wochapa chifukwa chopereka mochedwa? Anakhala miyezi iwiri osabwera. Akanakana okha chifukwa cha manyazi, ndipo ulendo ukanafera pomwepo. Zaka zitatu. Aphunzitsi aja maso akutha, chaka chamawa nyanja sadzaiona. Ndinati usiku umodzi, anthu okhala ndi magolosale ndi ana kunja, sangaumve n'komwe."

"Nanga siginecha ya mwana?"

"Sindinaiganizire. Mulungu ndi mboni. Ine maso anali pa nambala. Ndinkaona kuti ikukwana ndendende, mpaka ndinakondwa. Ndinagwada kuthokoza."

Asajeni anatseka maso kanthawi.

"Zimenezo ndazimva, bambo. Mwina ndikanakhala ine ndikanachita zomwezo, sindikudziwa. Chimene ndikufuna mundiuze ndi cha pakhomo paja."

Bamboyo anayang'ana jumbo ija.

"Ndinamva dzulo kuti mayi wa golosale akupita ku ofesi. Ndinapita kuti ndikamutsekereze panjira. Basi inachedwa. Ndinafika atatulutsa kale makalata." Anatikitanso mpango uja. "Mwana anandiona, mayi. Akumukoka choncho, anandiona pakhomo. Nkhope yake inamasuka, ngati akuti bambo abwera, zatha. Anali mawu atatu okha: ndine ndinalemba, musiyeni. Ndinali nawo pakamwa. Koma ndinaona anthu aja, ndinaona chitsulo. Ndinaganiza za dzina langa, zaka makumi anayi. Ndinati ndidikire pang'ono aphwe mtima, ndifotokoze bwinobwino."

Asajeni pantchito yawo anamvapo anthu ambiri akuulula, ndipo nthawi zonse mumtima munkabwera kampumulo kakuti nkhani yatha. Lero kampumuloko sikanabwere. Anaona khosi la amuna awo, loonda, kolala ya shati itachita kukula, ndipo anakumbuka kuti munthuyu sangagone popanda pilo ziwiri chifukwa cha chifuwa. Ankadziwa bwino mmene simenti ya m'chitolokosi imazizirira.

Analowa m'nyumba. Anatenga juzi yokhuthala, masokosi awiri ndi mapiritsi amene anatsala m'botolo, n'kuziika m'kachikwama. Atatuluka anatenga mpango uja m'manja mwa amuna awo, anaufinya, n'kuuyanika pa chingwe.

"Valani nsapato," anatero. "Nthawi yoona odwala ikwana."

* * *

Mpongozi anawachingamira pakhomo la wodi, maso ali ofiira. Dokotala anali atadutsa. Anati magazi aundana m'mutu, ndipo ngakhale atadzuka, asayembekezere kuti adzakhala mmene analili. Kampani nayo inali itatumiza munthu ndi kalata yomuimitsa ntchito, ndipo popeza mwini wake sakanatha kusaina, anasainitsa mkazi wake.

"Bambo, mwabwera," anatero mpongoziyo, n'kuwagwira dzanja apongozi ake aamuna ndi manja awiri. "Akamva mawu anu mwina atsegula maso. Amakumverani inu."

Bamboyo anayenda pakati pa mabedi ngati munthu wowoloka mtsinje, mpaka anafika kumapeto.

Kopolo anaimirira. Anayang'ana bamboyo, anayang'ana kachikwama kali m'manja mwa Asajeni, juzi ikuonekera pamwamba. Anaphunzitsidwa bwino. Anavula chipewa n'kuyandikira, nayankhula motsitsa kuti amve Asajeni okha.

"Chiyambire m'mawa sindinamweko tiyi. Ndikhoza kutuluka mphindi khumi. Zimene banja limayankhula pa bedi la wodwala sizikhudza boma."

Asajeni anamuyang'ana, ndipo anamuthokoza ndi maso. Kenako anayang'ana dzanja lija lomangidwa ku chitsulo, zala zitapindika ngati za khanda logona.

"Ukatuluka, unyolowu uchoka?"

"Ayi, Asajeni."

"Ndiye khala. Tulutsa kabuku kako."

Bamboyo anagwada pa simenti, bondo limodzi kenako linalo, atagwira m'mphepete mwa bedi. Anaika chipumi pa bulangeti n'kuyamba kunong'ona. Mpongozi anayang'ana Asajeni, osamvetsa. Pa bedi loyandikana nalo, mayi amene ankamwetsa mwamuna wake madzi anaimitsa kapu m'mwamba.

"Mokweza, bambo," anatero Asajeni. Mawu awo anatuluka osalala. "Sizikumveka."

Bamboyo anadzutsa mutu. Anagwira dzanja la unyolo lija, ndipo mawu ake anamveka mpaka pakhomo la wodi.

"Mwana wanga, ndine bambo ako. Kalata ija ndinalemba ndine, iwe sunaidziwe. Unandiona pakhomo, unadikira kuti ndiyankhule, ine ndinakhala chete akukumenya. Ndikhululukire, mwana wanga. Ngati ukundimva kumene uliko, chonde, ndikhululukire."